Mapepala a mayeso asathere kokulungira mandasi

Loweruka lina m'mawa ndidagula mandasi atatu kwa mayi wina amene amakhala pafupi ndi siteji ya minibasi kwathu kuno. Mayiwo adasolola pepala pa mulu umene udali pambali pa beseni, n'kukulunga mandasi anga, ine n'kulipira. Nditakhala m'minibasi ndidayamba kuwerenga pepalalo, paja ife olemba m'nyuzi tili ndi nthenda yowerenga chilichonse, ngakhale chikwangwani cha sing'anga. Lidali pepala la mayeso oyeserera a Fomu 4, aja ana amangoti moko, phunziro la Masamu. Pamene padali dzina la mwana padali patang'ambika, koma ntchito yake idalipo yonse pamodzi ndi inki yofiira ya mphunzitsi amene adachonga.

Mwanayo adayamba bwino ndithu. Funso lidali la aljebura, ndipo mzere woyamba, wachiwiri mpaka wachitatu zonse zidali m'malo mwake. Pofika mzere wachinayi padafunika kuphatikiza 1/2 ndi 1/3, iye n'kulemba 2/5. Adawonkhetsa manambala apamwamba paokha, apansinso paokha, monga muja tiwerengera tomato wa pa mulu uwu ndi wa pa mulu uwo. Yankho loona ndi 5/6. Kuchokera pamenepo zonse zidasokonekera, aphunzitsi n'kuthetha funso lonse, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lolemba lake ndidabwereranso kwa mayi aja.

"Mayi, mapepala aja alipobe?"

"Alipo achimwene, koma mandasi ndiye atha. Mukufuna mukayatsire mbaula?"

Ndidawapempha kuti andilole ndingowaona. Ndidakhala pa benchi lawo n'kumasanthula mulu uja pepala limodzilimodzi. Abale anga, cholakwa chomwe chija ndidachipeza kachiwiri, kachitatu, kachinayi, mpaka ndidasiya kuwerenga. Zolemba za manja osiyanasiyana, ana osiyanasiyana, koma onse akupunthwa pa mwala umodzi, mwala woti adayenera kuulambalala adakali ku pulaimale. Mulu wa mapepala uja udali kunena poyera chimene chikudwalitsa kalasi yonse ya Fomu 4 pa sukulu ina yake m'tauni muno. Koma m'malo moti uwerengedwe m'chipinda cha aphunzitsi, udagulitsidwa ku msika kuti uzimwa mafuta a mandasi.

Nkhani yanga lero ndi imeneyi. M'dziko muno timayesa ana kwambiri, timaononga ndalama ndi nthawi yambiri pa mayeso, koma zimene mayesowo apeza sizibwerera kwa munthu mmodzi amene angathe kuchitapo kanthu, ndiye mphunzitsi woima pa bolodi ndi choko m'manja.

Taonani m'mene timachitira chaka ndi chaka. Bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba, likamaliza kuchonga, akuluakulu a unduna wa zamaphunziro amaitana atolankhani n'kulengeza kuti mwa ana 100 alionse akhoza ndi angati. Amatchula sukulu zimene zachita bwino, maboma amene ali patsogolo ndi amene ali kumchira. Madzulo ake nkhani ili ponseponse, pa wailesi, m'minibasi, pa WhatsApp. Sukulu zoyima pazokha zimathamangira kokalembetsa zikwangwani zodzitamandira kuti kwathu kuno ana onse akhoza. Makolo a ana olephera amatukwana aphunzitsi, aphunzitsi amaloza chala boma, boma limaloza chala makolo. Pakatha sabata ziwiri kuli zii, tonse tabwerera ku nkhani ya mtengo wa chimanga.

Mayeso a MSCE a 2020, aja adaimitsidwa mu Novembala chifukwa choti mapepala adabedwa n'kulembedwanso mu Januwale 2021, adakhoza ana 41 okha pa 100 alionse. Mu 2022 chiwerengero chidakwera kufika pa 58, mu 2023 n'kutsikanso kufika pa 54. Manambala amenewa ndi ofunika, sindikukana, amatiuza ngati dziko likupita kutsogolo kapena likubwerera m'mbuyo. Koma tandiuzani, mphunzitsi wa Bayoloje pa sukulu ya CDSS ku Chitipa kapena ku Nsanje, akamva kuti akhoza ndi 54, Lolemba m'mawa akalowa m'kalasi asinthe chiyani? Ayambire mutu uti? Nambala imeneyo siyimuuza kanthu. Ili ngati dokotala amene wakuuza kuti ukudwala ndithu, kenako n'kutseka chitseko osakuuza kuti ndi malungo kapena chibayo.

Inu a geni mundimvetsa msanga pamenepa. Munthu wa okala akatseka madzulo sangowerenga ndalama za m'kabati n'kunena kuti lero zavuta. Amayang'ana pa shelefu. Amaona kuti sopo wayenda, shuga wayenda, koma mafuta odzola aja adapikula mwezi watha akadali phwii, akungodya mpamba. Amatsegula kabuku ka ngongole n'kuona kuti ndani akuchedwa kubweza. Mayi wa kaunjika akamasula belo amadziwa kuti madiresi a ana amatha tsiku lomwelo pamene majekete amadikira mwezi wa Juni. Mawa akapita kokaoda, amaoda motsata zimene waona. Wamalonda amene amangodziwa kuti waluza, osadziwa kuti waluzira pa katundu uti, sachedwa kutseka. Nanga bwanji sukulu, imene katundu wake ndi tsogolo la ana athu, timailola kuyenda chaka chonse ikungodziwa nambala imodzi yokha ya pamapeto?

Chodabwitsa n'chakuti zofunika zonse zilipo kale. MANEB imatumiza ku sukulu iliyonse magiredi a mwana aliyense pa phunziro lililonse, kuyambira 1 mpaka 9. Akuluakulu ochonga mayeso amalemba malipoti ofotokoza mafunso amene adavuta ana ndi m'mene anawo adalakwira. Pali mayeso a moko amene sukulu zoyandikana zimakonzera limodzi. Pali mayeso otsekera teremu, katatu pa chaka, kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4. Tikadaunjika mapepala onsewa pamodzi bwenzi litakhala phiri. Koma ambiri a iwo ulendo wawo ndi umodzi: achongedwa, malikisi alembedwa pa lipoti, mwana wauzidwa kuti wakhala nambala 37, mapepala alowa m'kabati ya a hedi, chiswe chayamba ntchito, otsala apita ku msika.

Ine izi sindikuzinena ngati munthu wongoonerera. Nditasiya yunivesite m'chaka chachiwiri, fizi itandikanika, ndidakagwirako ganyu yophunzitsa Masamu pa sukulu ina yoyima payokha. Ndidalibe pepala lililonse la uphunzitsi, ndidangokhala ndi mapointi abwino a Fomu 4 ndi taye imodzi yobwereka. Zotsatira za MSCE zitatuluka chaka chimenecho, mwini sukulu adatisonkhanitsa tonse n'kumawerenga phunziro limodzilimodzi ngati woweruza milandu. Wa Chingerezi adachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Ife a Masamu tidadulidwa malipiro. Palibe amene adafunsa kuti anawo adalephera mbali iti ya Masamu. Tidatuluka muja aliyense ali ndi mantha, ndipo chimene tidaphunzira n'chakuti chaka chamawa tiyenera kudziteteza.

Pa sukulupo padali bambo wina wachikulire amene adapuma ntchito ya uphunzitsi m'boma n'kubwera kudzaonjezera pa penshoni. Tsiku lina atandiona nditagwira tsaya adandiitana.

"Aphunzitsi, tabwerani kuno muone kanthu."

Ankanditchula aphunzitsi ngakhale ndidali msinkhu wa mwana wawo wotsiriza. Adatulutsa kope wamba la masamba 80, lojambulidwa mizere ndi rula. Kumanzere, kutsika m'munsi, adalemba maina a ana onse a m'kalasi mwawo. Pamwamba, mopingasa, adalemba manambala a mafunso a mayeso a moko, ndipo pansi pa nambala iliyonse adalembapo mutu umene funsolo lidachokera. M'kabokosi kalikonse mudali malikisi amene mwanayo adapeza pa funso limenelo.

"Mukawerenga chopingasa mukuona mwana," adatero. "Mukawerenga chotsika mukudziona nokha."

Ndidafunsa kuti, "Mukutanthauza chiyani bambo?"

Adaloza mzere wina wotsika umene udali mazilo okhaokha. "Apa ana onse alakwa, anzeru ndi ofooka omwe. Ndiye kuti vuto si ana. Mutu umenewu ndidauphunzitsa mothamanga sabata imene kudali maliro kwathu. Ndiubwereza."

Chiyambire kupita ku sukulu ndidali ndisanamvepo mphunzitsi akunena mawu otere. Kope lija ndidalitengera, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti likadakhala pa tebulo la mphunzitsi aliyense m'dziko muno, bwenzi tikukamba nkhani ina.

Tiyerekeze kalasi ya ana 60 yalemba mayeso a mafunso 10. Mukajambula bokosi lija muona zinthu zitatu. Pali funso limene pafupifupi onse akhoza: pamenepo musatayenso nthawi, pitirirani. Pali funso limene theka lakhoza, theka lalakwa: pamenepo okhoza angathe kuthandiza anzawo m'magulu inu mukuzungulira. Ndiye pali funso limene lagwetsa kalasi yonse. Limenelo ndiye lofunika kulikhalira pansi, kutenga mapepala angapo n'kuona kuti anawo akulakwa motani, poti kulakwa kuli mitundumitundu. Wina sadayambe n'komwe, wasiya malo osalemba, kusonyeza kuti mutuwo saudziwa kapena nthawi idamuthera. Wina wayamba bwino n'kupunthwa pakati, ngati mwana wa pa pepala la mandasi uja. Wina wayankha bwinobwino funso limene sadafunsidwe chifukwa Chingerezi cha m'funsomo chidamuphonya. Onsewa pa lipoti amalembedwa zilo yofanana, koma mankhwala awo ndi osiyana.

Tsono apa ndi pamene mphunzitsi mmodzi payekha sangathe, paja mutu umodzi susenza denga. Ngati ana a Fomu 4 akulephera kuphatikiza 1/2 ndi 1/3, wa Masamu a Fomu 1 ayenera kumva, kuti ana atsopano akangofika awayese pa zimenezi asanayambe silabasi. Wa Fizikisi ayenera kumva, chifukwa ana omwewo akamupunthwira pa mwala womwewo akafika powerengera liwiro ndi mphamvu. Ngati vuto ndi kumva funso, wa Chingerezi akhalepo, poti mayeso pafupifupi onse amafunsidwa m'Chingerezi, ndipo mwana amene walephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Msonkhano wa aphunzitsi umene timaudziwa ndi wokamba za ochedwa, za yunifolomu ndi za chopereka cha maliro. Ukufunika msonkhano wina, kamodzi pa teremu, woti pa tebulo pakhale mapepala a ana, ndipo aliyense atuluke atalemba mitu iwiri kapena itatu imene aibwereze, tsiku limene aibwereze, ndi tsiku limene ayesenso anawo kuti aone ngati zasintha. Kuyesanso kumeneko ndiye mutu wa nkhani. Popanda iko, msonkhano ndi macheza chabe.

Boma lenileni lidaonapo kale phindu la kuyesa n'kuchitapo kanthu. Mu 2007 bungwe la SACMEQ lidayesa ana a Sitandade 6 m'maiko 14 a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa pa kuwerenga ndi Masamu, ndipo ife ndi anzathu a ku Zambia tidali kumchira. Mu 2010 kudachitika kafukufuku wina wotchedwa EGRA, woyesa ana aang'ono mmodzimmodzi, ndipo adapeza kuti ana oposa theka a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani ka m'Chichewa. Zotsatira zowawa ngati zimenezi n'zimene zidatsegula njira ya ndondomeko yophunzitsa kuwerenga ya dziko lonse imene idayamba mu 2016, ndi mabuku atsopano komanso maphunziro a aphunzitsi a makalasi oyambirira. Izi n'zoyamikika. Koma taonani kutalika kwa ulendowo: kuyesa mu 2010, ndondomeko mu 2016. Mwana amene adayesedwa ali Sitandade 2 adali atafika Sitandade 8, ngati sadasiyire panjira. Kafukufuku wa dziko lonse amathandiza ana a mawa. Mwana wa lero angathandizidwe ndi mphunzitsi wake yekha, teremu yomwe ino.

Anzathu a ku Zambia aja adayesa njira ina. Mu 2016 adayamba ndondomeko yotchedwa Catch Up m'sukulu zochepa za m'zigawo za kum'mwera ndi kum'mawa, kuphatikizapo dera la Chipata kumene amalankhula chinenero chathu chomwechi. Nzeruyo adaitenga ku bungwe la Pratham la ku India. Mphunzitsi amaitana mwana aliyense wa Giredi 3 mpaka 5 payekha n'kumupatsa kapepala: kodi akudziwa malembo, kodi akuwerenga mawu, kodi akutha ndime, kodi akutha nkhani yonse? Pa Masamu chimodzimodzi. Akatero amagawa anawo m'magulu motsata pamene aliyense wafika, osayang'ana kalasi imene ali, n'kumawaphunzitsa kwa kanthawi tsiku lililonse. Pakapita nthawi amawayesanso, okwera n'kukwera gulu. Woyesa ndi mphunzitsi yemweyo, wogwiritsa ntchito zotsatira ndi yemweyonso, ndipo sipafunika kompyuta kapena galimoto yochokera ku likulu. Ndondomekoyi idakula n'kufalikira m'sukulu zambiri za m'dzikomo. Kuchoka ku Mchinji kukafika ku Chipata ndi ulendo waufupi. Kodi tikudikira kuti nzeru imeneyi ichite kubwera pa ndege?

Koma ndichenjezeretu, chifukwa mpeni womwe umasenda mbatata umachekanso chala. Zotsatira za mayeso zikasanduka mkwapulo wokwapulira aphunzitsi, zimabala bodza. Ku Atlanta, m'dziko la America, akuluakulu a maphunziro adamangirira ntchito ndi mabonasi a aphunzitsi pa malikisi a ana. Malikisi adakwera mochititsa kaso, akuluakulu n'kulandira ulemu. Kafukufuku wa boma amene adatuluka mu 2011 adapeza kuti aphunzitsi ndi mahedi 178 m'sukulu 44 adakhudzidwa ndi chinyengo, ena akuchita kufufuta mayankho olakwa a ana n'kulembapo okhoza. Mu 2015 khoti lidapeza anthu 11 olakwa pa mlanduwu. Amene adapwetekeka kwenikweni ndi ana amene ankauzidwa kuti akhoza pamene kuwerenga kukuwakanika.

Kuno kwathu sitikusowa zitsanzo. Pa sukulu imene ndinkaphunzitsa ija, chaka chotsatira ana ofooka adayamba kuuzidwa mwakachetechete kuti akalembetse mayeso kwina, kuti asaononge mbiri ya sukulu. Chiwerengero cha okhoza chidakwera, chikwangwani chatsopano chidakhomedwa pa geti, koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene adaphunzira zambiri kuposa kale. Mphunzitsi amene akudziwa kuti bokosi lija likakhala ndi mzere wa mazilo achotsedwa ntchito, sadzalionetsa kwa munthu. Adzapereka mayeso ophweka, kapena adzayamba kunong'oneza mayankho. Bambo wachikulire uja adatha kunena kuti mutu uwu ndidauthamangira chifukwa ankalankhula ndi mnzake, osati ndi bwana wogwira kalata yochotsa ntchito. A hedi amene akufuna kuti aphunzitsi awo aziulula pamene zavuta, ayambe iwowo kuika pa tebulo zotsatira za kalasi imene amaphunzitsa.

N'chifukwa chakenso ndimadandaula ndi mndandanda uja wa sukulu zochita bwino ndi zolephera. Tonse tikudziwa m'mene ana amasankhidwira akalemba mayeso a Sitandade 8. Okhoza kwambiri amapita ku sukulu zikuluzikulu za boma monga Dedza Government, Blantyre Secondary, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, ena ku sukulu zogonera za m'maboma, otsalawo ku ma CDSS, sukulu zimene zidabadwa kuchokera ku ma MCDE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo zambiri mpaka lero zikusowa mabuku, nyumba zoyeseramo za Sayansi ndi aphunzitsi okwanira. Kuika sukulu zoterezi pa sikelo imodzi n'chimodzimodzi kuyerekeza phindu la wa golosale ya m'tauni ndi la mnyamata woyenda ndi mtedza m'lichero. Funso lachilungamo n'lakuti, anawa adafika ali pati, ndipo akutuluka ali pati? Mphunzitsi wa pa CDSS amene watenga mwana wosadziwa kugawa manambala n'kumufikitsa pa giredi 6 wagwira ntchito yaikulu, kapena kuposa amene walandira mwana wanzeru kale n'kumutulutsa ndi giredi 2.

Ndikudziwa chimene aphunzitsi anene akawerenga izi, ndipo akhala akunena zoona. Adzati, iwe wolemba m'nyuzi, boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60 ku pulaimale, koma ine ndili nawo oposa 100, ena akhala pansi pa mtengo, malipiro amatha mwezi usanafike pakati, ndiye undionjezerenso ntchito yojambula mabokosi? Yankho langa n'lakuti ntchito yolemetsa, yochonga, mukuigwira kale. Chatsala ndi kachigawo kakang'ono kamene kamapatsa ntchito yonseyo tanthauzo. Ngati ana achuluka, tengani mapepala 20 okha, ena a okhoza, ena a pakati, ena a ofooka, muona kale kumene mphepo ikulowera. Mayi wolawa ndiwo samwa mphika wonse. Koma unduna nawo usangolamula pa kalata. Upatule tsiku limodzi pa teremu loti aphunzitsi akhale pansi ndi mapepalawa popanda kuwawerengera kuti ajomba. Alangizi aja timawatcha ma PEA, amene ali ndi malo osonkhanira aphunzitsi m'zoni iliyonse, akafika pa sukulu asamangofunsa ngati masikimu alembedwa. Azifunsanso kuti ana anu akupunthwa pati, nanga sukulu yoyandikana nayo imene ana ake adakhoza mutu umenewu idaphunzitsa bwanji?

A MANEB nawonso ali ndi mbali yawo. Pochonga, funso lililonse limapatsidwa malikisi ake. Bwanji sukulu iliyonse isamalandire, pamodzi ndi magiredi, pepala losonyeza m'mene ana ake adachitira pa chigawo chilichonse cha phunziro poyerekeza ndi dziko lonse? Ndipo malipoti a akuluakulu ochonga aja afike m'manja mwa mphunzitsi wa phunzirolo teremu yoyamba isanathe, asakagone mu ofesi ya a hedi. Tidakangana kwambiri m'dziko muno pamene mayeso a JCE adathetsedwa atalembedwa komaliza mu 2016, tidakangananso pamene adabwezeretsedwa mu 2021. Ena ankati amadya ndalama, ena ankati popanda iwo ana amagona. Koma m'mkangano wonsewo sindidamve mbali iliyonse ikufunsa kuti zotsatira za JCE zikatuluka, mphunzitsi wa Fomu 3 amene alandire anawo azigwiritsa ntchito bwanji.

Nkhaniyi yafika pofunika changu tsopano. Kumapeto kwa 2025 boma lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 ana a m'sekondale za boma asamalipirenso fizi ya maphunziro. Kwa kholo logulitsa makala kapena tomato imeneyi ndi nkhani yabwino, ndipo ine amene ndidasiya sukulu chifukwa cha ndalama sindingainyoze. Koma tikumbuke 1994. Pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulaimale, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchito, n'kumawaphunzitsa ali kale m'kalasi. Tidawerenga mitu ya ana olowa pa geti n'kuomba m'manja, koma tidachedwa kufunsa ngati akuphunzira, mpaka kafukufuku uja adadzatidzidzimutsa patapita zaka zoposa 10. Walira mvula walira matope. Makalasi akadzaza, ana amafika ali pa misinkhu yosiyana kwambiri ya nzeru, ndipo mphunzitsi amene sadziwa kuti ndani ali pati amangophunzitsa a pa mzere wakutsogolo, ena onse akungoperekeza.

Inu makolo, makamaka anzanga a mumsika amene mumatuluka m'nyumba kusanache kuti mwana apeze kope ndi yunifolomu, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi musamangomva za thumba la chitukuko n'kubalalika. Imikani dzanja mufunse mwaulemu kuti, a hedi, pa mayeso apitawa ndi mitu iti imene idavuta ana athu, ndipo aphunzitsi agwirizana zotani? Simukufunsa maina a ana a eni, amenewo akhale m'chipinda cha aphunzitsi, asakhomedwe pa khoma kuti ochita bwino aziseka anzawo. Mukufunsa za katundu amene sakuyenda pa shelefu. Sukulu yoyima payokha ikakuonetsani chikwangwani choti onse adakhoza, funsani kuti adayamba Fomu 4 adali angati, nanga adalembera mayeso pomwepo ndi angati.

Inunso ophunzira, pepala la mayeso likabwera musamangoyang'ana nambala ya pamwamba n'kulipinda m'thumba. Likapanda kubwera, lipempheni, ndi lanu. Tsegulani tsamba lakumapeto kwa kope mulembe funso lililonse limene mwalakwa ndi chifukwa chake: sindidaphunzire, ndidaiwala njira, sindidamve funso, nthawi idatha. Mukachita zimenezi mayeso atatu otsatizana mudzaona kuti zolakwa zanu si zambiri monga mumaganizira, ndi zochepa zomwezo zimene zimangobwerabwera zitavala malaya ena. Pitani nazo kwa aphunzitsi. Kunena kuti Masamu amandivuta sikuthandiza munthu, koma mukati aphunzitsi, ndimasokonezeka pophatikiza manambala a magawo, mwawapatsa poyambira.

Nditamaliza kusanthula mulu uja, mayi wa mandasi adandifunsa chimene ndinkafuna m'mapepala akutha ntchito. Ndidawafotokozera mwachidule. Adakhala chete pang'ono, kenako adati mwana wawo wamkazi ali Fomu 3 ndipo Masamu ndi amene amamugwetsa teremu iliyonse, moti ayamba kuganiza zomulipirira maphunziro apadera ngakhale geni sikuyenda. Ndidang'amba kachidutswa ka pepala, ndidalembapo 1/2 + 1/3, n'kuwauza kuti akamupatse madzulo. Akalemba 5/6, vuto lili pena, tidzalifufuza. Akalemba 2/5, asathamangire kutaya ndalama, chifukwa chimenecho n'choti aphunzitsi ake angathe kuchikonza m'masiku ochepa, bola wina awauze. Mayiwo adapinda kapepalako n'kukamanga pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama za tsikulo.